Thole la Udzu la ku Chidzolomondo

Ana anga, za ubwana wanga ndizilumpha, popeza mulibemo kanthu koma mamina ndi kuthamangitsa mbuzi za eni. Ndiyambira pamene boma linandilemba ntchito. Koma chigawo chino ndalembera makamaka iwe Marita, mwana wanga woyamba, amene ukabwera kudzationa sulephera kuloza chikopa chakale chili kudenga kwa nyumba yanga n'kunena kuti, "Ababa, chonyansa ichi bwanji osachitaya?" Zaka zonsezi ndakhala ndikukuyankha ndi chifuwa chonamizira. Lero ndikuyankha bwinobwino, ndiye ukhale pansi.

Ntengo-Wambalame, ufulu utangobwera kumene

Ntchito yanga yoyamba inali ya pathanki losambitsira ng'ombe. Thanki ndi ngalande yaitali ya simenti yodzaza madzi a mankhwala. Ng'ombe imalumphiramo, n'kusambira mpaka kutsidya, nkhupakupa n'kufa. Ine ndinali wosakaniza mankhwala, wotsegula chipata, ndiponso wotukwanidwa ng'ombe ya munthu ikathyoka nyanga. Dzina langa anthu analiiwala, ankangoti "a Thanki". Kuzizira kwa kumapiri kuja inu simukudziwa. M'mawa nkhungu inkadzaza chigwa chonse, ndipo ng'ombe zinkatulukamo pang'onopang'ono, poyamba nyanga, kenako linunda, pomaliza mwini wake atafunda gombeza mpaka m'makutu. Masiku ano ndikatseka maso pakhonde ndimazionabe zikutsika phiri lija, zopanda phokoso, ngati zikuyenda pamadzi.

Shefi wanga, kapena kuti bwana wanga, anali a Armando, munthu wamfupi wochokera kumwera, amene ankavala majekete, amene timati makazako, awiri ngakhale dzuwa lili paliwombo. Chinyanja chawo chinali cha mawu ochepa, ndipo ambiri mwa ochepawo anali otukwana, koma mtima anali nawo. Akakondwa ankanditchula "kamarada". Akakwiya ankanditchula maina anga onse, mpaka la agogo anga.

Kumeneko ndinaona chinthu chimene ndinachiseka mpaka misozi. Muyenera kudziwa kuti ng'ombe zathu zamalinunda sizipereka mkaka mwana wake palibe. Thole liyambe layamwa pang'ono, mkaka utsike, ndiye wokama alikokere kumutu kwa mayi wake kuti azilinyambita pamene iye akukama. Thole likafa, ng'ombe imabisa mkaka, ungafinye bwanji. Tsono m'mawa wina ndikuyendera makola ndinapeza bambo wina akukama, ndipo kutsogolo kwa ng'ombeyo kunaima thole la miyendo ya timitengo, lopanda maso, udzu ukutulukira pakhosi. Linali chikopa cha thole lakufa, chosokedwa n'kudzazidwa udzu, chopakidwa mchere pamsana. Ng'ombe inkachinyambita itatsinzina, mkaka n'kumalira m'chipanda. Nditaseka, bamboyo sanakweze n'komwe mutu. Anangoti, "Sekani, a Thanki. Mukuganiza kuti siyidziwa kuti mwana wake anafa? Ikudziwa. Ikungofuna poika lilime." Ndinakwera njinga yanga ndikusekabe, n'kuiwala.

Amayi anu, a Estere, ndinawapezanso komweko. Ndinawaona koyamba akukumba kachewere, matope mpaka m'mawondo, ndipo mawu awo oyamba kwa ine anali akuti, "Kodi a boma mumatha kugwira khasu, kapena mumangotha kuloza?" Ndinalanda khasulo kuti ndiwaonetse, n'kudula mbatata zitatu pakati. Anandilola ukwati chifukwa cha chisoni, amatero mpaka lero.

Furancungo, nkhondo itayamba kumveka kumapiri

A Armando atawasamutsira ku Furancungo ananditenga. Mankhwala a m'thanki anali atasiya kubwera, ndiye anandipatsa mpando ndi zenera. Ntchito yanga inali kuyang'ana msewu ngati kamyau, galimoto yaikulu ya katundu, ikubwera kuchokera ku Tete. Siinkabwera. M'loja, sitolo yathu, munatsala mashelefu okha ndi mwini loja akuwodzera. Sopo anasowa, mafuta a nyale anasowa, machesi anasowa, koma chimene chinatipweteka kwambiri ndi mchere. Munthu ukhoza kuchapa ndi phulusa, koma ndiwo zopanda mchere zimakukumbutsa umphawi wako nthongo iliyonse.

Amayi anu moyo wa pamzere sanaufune. Tsiku lina anabwera kuchokera kuloja chimanjamanja, nkhope ili gwa, n'kundiimirira pakhomo. "Ine ndinakulira kumunda," anatero. "Kuima dzuwa lonse kudikira chinthu choti sindinalime, n'kuuzidwanso kuti chatha, ayi ndithu. Pemphani akutumizeni kumene kuli nthaka." Ndinakapempha. A Armando anandiyang'ana ngati ndapenga, popeza anthu onse ankathawira kuboma, ine ndikupempha kutchire. Koma ku Chidzolomondo kunkafunika munthu woyang'anira ziweto, ndipo palibe ankafuna kupitako.

Chidzolomondo, zaka ziwiri zoyamba

Malo anatipatsa a Saulosi, mkulu wa mpingo, munthu wamtali wolankhula motsitsa, amene anali ndi ng'ombe zochepa koma zonenepa. Anatitsogolera kuchigwa chobisika kuseri kwa phiri, kumene kasupe ankatuluka pansi pa mkuyu, n'kutiuza kuti, "Madzi awa sanaphwepo chibadwire ine. Mangani apa."

Ana anga, ndikanena kuti zaka zimenezo ndi zimene ndinakhala mosangalala kuposa zonse, mudzati ukalamba wandisokoneza, popeza dziko linali pamoto. Koma ndi zoona. Nyumba tinamanga tokha, ine kudula mitengo, amayi anu kuphoma. Pansi pa kasupe tinatsegula dimba, ndipo madzi ankayenda okha m'timingalande, kudutsa mpiru, anyezi, nyemba ndi kachewere amene mbewu yake amayi anu anachokera nayo kwawo atakulunga m'kapulana, chitenje chawo. Nyale yathu inali njere za nsatsi zotungidwa pakamtengo. Moto sunkazima, chikuni chimodzi chinkasiyira chinzake. Mbewu ya chimanga inkalendewera pautsi, nyemba zinkagona m'mbiya yaphulusa yomatidwa pakamwa. M'malo mwa mchere tinkatentha zitsononkho ndi udzu wa kudambo n'kucheza chidulo. Ndinakoleka ming'oma ya njuchi mumkuyu muja, ndipo masana dzuwa likatentha mtengo wonse unkang'ung'uza, madzi akuyankha pansi, mwakuti munthu sunkadziwa ngati uli maso kapena ukulota. Malipiro anga anasiya kufika, ndipo panapita miyezi ndisanazindikire kuti asiya.

Mchere weniweni tinali nawo kamodzi kokha, kamwala kotuwa kosaposa chala chachikulu, kamene amayi anu anamanga pangodya ya kapulana. Lamulungu lililonse ankakamasula, aliyense n'kukhudzitsa lilime kamodzi, n'kumanganso. Ndikachedwetsa lilime ankandimenya padzanja.

Kenako nkhondo inayandikira. Sitinkaiona, tinkangoona utsi kutali ndi anthu odutsa atasenza mitolo, osapereka moni. Amuna amfuti, a kutchire ndi a yunifomu omwe, akapeza ng'ombe sankafunsa mwini wake. A Saulosi anaganiza zowolokera ku Malawi ndi banja lawo ndi ziweto zawo. Koma ng'ombe imodzi, Nanjiwa, yotuwa ngati njiwa, inali ndi bere lalikulu, yosatha kuyenda ulendo wa m'mapiri. Anabwera nayo kwathu m'mawa, chingwe chili m'manja.

"A Thanki, ndabwera kudzaikiza," anatero. "Mwambo mukuudziwa?"

"Ndikuudziwa, bambo."

"Ndinenabe, amayi awa amve. Mkaka ndi wanu, ndowe ndi zanu. Kugulitsa ayi, kupha ayi. Ndikadzabwera mudzandibwezera iyo ndi ana ake. Chikafa china, musunge chikopa ndidzachione, kuti pasadzakhale mawu pakati pathu."

Anaisisita pamphumi, n'kutembenuka osayang'ananso m'mbuyo.

Chidzolomondo, chaka chimene unabadwa iwe Marita

Nanjiwa inabereka thole lamphongo, lofiirira, la banga loyera pamphumi. Pasanapite nthawi yaitali unabadwa iwe. Koma amayi ako anadwala malungo aakulu atangochira, ndipo pamene malungowo anatha, mabere anali atauma. Tinayesa mankhwala a masamba, tinayesa phala la mawere, osatheka. Mayi wina woyamwitsa panalibe, chigwa chonse anthu anali atathawa. Unalira mpaka mawu anatha, n'kutsala kungoyasamula kukamwa. Ndinasema kachipande kakang'ono, ndinakama Nanjiwa, amayi ako anawiritsa mkakawo n'kuthirako madzi a pakasupe, ndipo tinakudonthezera pakamwa. Unameza. Kuyambira tsiku limenelo moyo wako unali m'bere la ng'ombe ya eni.

M'mawa uliwonse zinkayenda chimodzimodzi. Ndinkamasula thole, liyamwe pang'ono, kenako n'kulikokera kutsogolo, Nanjiwa n'kumalinyambita, ine n'kumakama, amayi ako atakhala pamwala iwe uli m'manja, nkhungu ikukwera kuchoka padimba. Tinali asanu m'chigwa monsemo, anthu atatu ndi ng'ombe ziwiri, ndipo sitinkasowana.

Tsiku lina masana tinamva injini. Anali a Armando, atayenda wapansi kuchokera pamsewu, makazako awo awiri ali chinyezi ndi thukuta. Anati antchito onse a boma akuchotsedwa m'midzi, koluna, mdipiti wa makamyau operekezedwa ndi asilikali, inyamuka kupita ku Tete, ndipo malo athu atisungira.

"Nanga ng'ombe?" ndinafunsa.

"Ng'ombe pa kamyau? Kamarada, anthu akukhala pamiyendo ya anzawo."

"Ku Tete mkaka uliko?"

Anakuyang'ana iwe, n'kuyang'ana pansi. "Sindinama," anatero. "Sindikudziwa. Mwina kuchipatala. Mwina." Kenako anakwiya, monga ankachitira chisoni chikawagwira, n'kunditchula maina anga onse. Anati ndikatsala boma lidzandiyesa wothawa ntchito kapena wogwirizana ndi a kutchire, ndipo a kutchire akadzandipeza adzandiyesa wa boma, ndiye ndidzafera pakati ngati chitsiru.

Ndinayang'ana amayi ako kuti anenepo kanthu. Iwo, amene sasowa chonena, anangoti, "Abambo ake Marita, mwana wadya m'mawa uno. Za mawa ku Tete ine sindikuzidziwa."

Ndinaopa, ana anga, ndisakunamizeni. Koma ulendo wa koluna unali wa masiku, pamsewu wa mabomba okwirira, ndipo iwe sukanatha tsiku limodzi wopanda mkaka. Ndinati, "Shefi, pitani bwino. Ine nditsala ndi ng'ombe." A Armando anavula kazako imodzi, n'kuiponya pamwala, n'kunena kuti mwana azifunda. Anapita akutukwana mpaka mawu awo anazimirira kuseri kwa phiri. Injini italira n'kutha, njuchi zinayambanso kumveka.

Tinapha atambala onse kuti asatiulule. Moto tinkasonkha wa nkhuni zouma zopanda utsi. Njira yolowera m'chigwa ndinaitseka ndi minga. Ndinkaganiza kuti mdani adzabwera ndi mfuti.

Anabwera ndi nkhupakupa. Mvula itayamba, thole linatupa m'khosi, maso n'kuchita misozi, n'kusiya kuyamwa. Ine, munthu wa thanki, amene ndinasambitsa ng'ombe za dziko lonse la kumapiri, ndinalibe ngakhale dontho la mankhwala. Ndinazula nkhupakupa ndi zala, ndinapaka fodya wonyika, koma matenda anali atalowa kale. Linafa m'mawa, mutu uli pamwendo panga.

Nanjiwa inalira tsiku lonse, kulira kofika kutali, koti aliyense wodutsa kuseri kwa phiri akanamva. Ndipo inabisa mkaka. Ndinakama, ndinasisita, ndinaiimbira, ndinaitukwana, bere lili gwa ngati dzungu, osatulutsa kanthu. Tinakupatsa madzi a uchi, unawabweza. Tsiku lotsatira liwombo lako linalowa m'kati. Amayi ako sanandinene, ndipo kusandinenako kunandipweteka kuposa kutukwana. Koluna inali itapita kalekale. Ndinakhala pakhola ndikuganiza kuti ndakupha ndi nzeru zanga.

Thole ndinali nditalisenda kale chifukwa cha mawu a a Saulosi, kuti chikafa china adzaone chikopa. Ndinali nditachiyanika pamthunzi, ndipo pamene ndinkachiyang'ana, banga loyera lija lili pamphumi, ndinamva ngati wina akundiseka kuchokera kutali, kumapiri a nkhungu. Anali ine ndemwe, mnyamata wa panjinga uja.

Ndinathyola sipoko ya njinga yanga n'kuinola kukhala singano. Ulusi unali wa khonje. Amayi ako anasoka mimba, ine ndinadzaza udzu wouma, miyendo ndinaika timitengo ta nsungwi. Chinatuluka chinthu chomvetsa chisoni, khosi lopindika, mwendo umodzi waufupi. Ndinachiimika kutsogolo kwa Nanjiwa. Inachinunkhiza nthawi yaitali, kenako inachigunda ndi mphuno, chinagwa, iyo n'kutembenukira kukhoma.

"Pakusowa mchere," ndinatero. "Kuja ankapaka mchere."

Tinayesa chidulo. Inanunkhiza, osatulutsa lilime.

Amayi ako anakuika pa kazako ya a Armando. Anamasula ngodya ya kapulana ndi mano, popeza mfundoyo inali italimba. Kamwala kaja anakaphwanya pamwala wa pakhola, n'kukanyowetsa ndi malovu, n'kupaka pamsana pa thole la udzu, kuchokera pakhosi mpaka kumchira, osasiyako ngakhale kambewu. Zala zawo sanazinyambite, anazipukutira pachikopa pomwepo.

Ndinachiimikanso. Nanjiwa inatembenuka, inatambasula khosi, ndipo lilime linatuluka. Inanyambita kamodzi, n'kuima. Inanyambitanso. Kenako inatsinzina, n'kuyamba kunyambita pang'onopang'ono, mobwereza, monga inkachitira mwana wake ali moyo, thole la udzu likugwedezeka pamiyendo yake ya nsungwi ngati likufuna kuyenda. Ndinagwada ndi chipanda. Bere linafewa m'manja mwanga. Mawu a mkaka ukugunda pansi pa chipanda chouma ndimawamvabe, Marita, ndipo palibe nyimbo ya kutchalitchi imene inandilizapo chomwecho.

Mchere unatha tsiku lomwelo, koma Nanjiwa sinaufunenso. M'mawa uliwonse ndinkatulutsa thole la udzu m'nyumba, kuliimika m'nkhungu, iyo n'kumalinyambita ngakhale lopanda kanthu. Inakupatsa mkaka mpaka unamera mano n'kuyamba phala. Utayamba kukwawa unkapita wekha kukhola, ndipo lilime lija linasamukira pamutu pako. Tsitsi lako linkakhala chiimire mbali imodzi, amayi ako n'kumadandaula kuti mwana akununkha ng'ombe.

Za zaka zotsatira ndidzanena pang'ono. Kawiri konse tinathawira m'phanga ndi ng'ombe yathu, titaimanga pakamwa ndi luzi. Kamodzi anatitengera chimanga chonse ndi mbiya ya nyemba. Koma kasupe sakanamunyamula, ndipo tinadzalanso.

Chidzolomondo, mtendere utabwera

Anthu anayamba kubwerera m'chilimwe. A Armando ndinadzamva kuti anafika ku Tete amoyo, ndipo ndi iwo amene anandichitira umboni kuti ndibwezeredwe pantchito, akutukwana monga mwa masiku onse. A Saulosi anatulukira masana ena, okhaokha, ndodo m'manja. Anali atafupika. Mayi a kunyumba kwawo anawaika m'manda kutsidya, ku Malawi, ndipo ng'ombe zonse zimene anawoloka nazo zinathera komweko.

Titawapatsa madzi, ndinakatenga Nanjiwa. Inali itakalamba, nthiti zikuoneka, ndipo sinaberekenso, popeza m'dera lonselo munalibe nkhunzi. Ndinachita manyazi. Munthu anaikiza ng'ombe ya bere, patapita zaka zonsezi ndikumubwezera imodzi yomweyo. Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa thole la udzu, monga mwa mwambo, n'kuliika pamapazi awo.

"Mwana wake ndi uyu, bambo. Anafa ndi nkhupakupa. Sindinagulitse, sindinadye."

Analitembenuza. Banga loyera linalipobe pamphumi, koma msana wonse unali wopanda ubweya, wosalala ngati chikhatho. Anausisita nthawi yaitali. Munthu woweta safuna kumuuza chimene chimamaliza ubweya chomwecho.

"Munkakamira yani?" anafunsa.

Amayi ako anakuitana. Unatulukira kudimba, miyendo ili matope, utanyamula mpiru, ndipo usanafike n'komwe pamene tinakhala, Nanjiwa inakoka chingwe m'manja mwanga n'kuyamba kukunyambita kumutu. Iwe unangoikankha mphuno osaiyang'ana, monga munthu amachitira ndi mayi wake pamaso pa alendo.

A Saulosi anaseka, kenako kusekako kunasanduka china, anaphimba nkhope ndi chipewa. Atachotsa anati, "Ndinkabwera ndikuganiza kuti khola langa latha." Anatola thole la udzu n'kundibwezera m'manja. "Ichi sungani inu, a Thanki. Ine ndaona kale kuti ng'ombe yanga inalera."

Nanjiwa anaitenga, popeza inali yawo ndipo analibe china chilichonse padziko. Koma inakana kuyenda mpaka iwe unatsogola. Unaiperekeza mpaka kumabwinja a mudzi wawo, ndipo kuyambira pamenepo unkapitako m'mawa uliwonse, n'chifukwa chake unakula ukuwatchula agogo munthu amene si m'bale wathu.

Udzu unawola, nsungwi zinadyedwa ndi chiswe, chatsala ndi chikopa chokhacho chili kudengaku. Ndikadzapita, abale ako agawane makasu, njinga ndi ming'oma ya njuchi mmene angafunire. Chikopacho ndi chako, Marita, ndipo usadzachitaye. Iwe ndi thole lija munayamwa bere limodzi, ilo n'kukusiyira.